Mafunso ndi Mayankho: Kodi Dzina la Katundu Wanu Ndi Lanudi Pamaso pa Lamulo?

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno akukhudza mayina ndi zizindikiro zimene amalonda amaika pa katundu wawo, komanso thandizo limene angapeze kwa maloya pofuna kuziteteza. Tasankhapo ochepa, tafupikitsa mafunso ake, ndipo sitinatchule mayina a eni ake. Mayankhowa ndi ounikira chabe, pakuti nkhani iliyonse ili ndi mutu wake, ndipo amene mkangano wamufikira kale pakhomo ayenera kukhala pansi ndi loya ataika mapepala onse patebulo.

Funso: Akonzi, ine ndimapanga chiponde ndipo ndinalembetsa dzina la bizinesi yanga zaka zingapo zapitazo, setifiketi ndili nayo. Tsopano m'magolosale mwayamba kupezeka chiponde china cha dzina lofanana kwambiri ndi langa, ngakhalenso lebulo yake ndi ya mtundu womwewo. Kodi setifiketi yanga ija singakwanire kumuletsa munthuyu? Mayi wa ku Kasungu

Yankho: Mayi, setifiketi imene muli nayoyo ndi yofunika, koma siigwira ntchito imene mukuiyembekezera. Kulembetsa dzina la bizinesi, kumene kumachitika motsatira lamulo la Business Registration Act la 2012, kumadziwitsa boma ndi anthu onse kuti mwini wa bizinesi yakutiyakuti ndi ndani, ndipo kumakutsegulirani njira yokhala ndi akaunti ya bizinesi kubanki, yolembetsa za misonkho ku MRA ndi yopikisana nawo pa ma tender, mipikisano yopezera ntchito kapena maoda. Dzina kapena chithunzi chimene chili pa botolo la chiponde ndi nkhani ina, yokhala ndi kaundula wakewake ndi lamulo lakelake, lomwe ndi Trademarks Act la 2018. Lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 1 October 2018, ndipo linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1957, la m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ambiri amasokonezeka chifukwa chakuti kwa zaka zambiri makaundula onse awiriwa akhala m'manja mwa ofesi imodzi ya Registrar General, motero munthu akatulukamo ndi pepala lodindidwa amaganiza kuti zonse watha.

Izi sizikutanthauza kuti mulibiretu pogwira. Makhoti athu amavomereza mlandu wa munthu amene akugulitsa katundu wake monamizira kuti ndi wa mnzake, ngakhale chizindikirocho chisanalembetsedwe. Vuto lake ndi lakuti mtolo wonse wa umboni umakhala pamutu panu. Muyenera kusonyeza kuti ogula amalidziwa dzinalo ndipo akaliona amaganiza za inu, kuti lebulo ya mnzanuyo ikusocheretsa ogulawo, ndiponso kuti malonda anu aonongeka kapena ali pachiopsezo chifukwa cha zimenezo. Zitatu zonsezi zimafuna mapepala ndi mboni, ndipo zimadya nthawi ndi ndalama. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti lero lomwe muyambe kusonkhanitsa malisiti akale, mabuku olembamo maoda, malebulo anu oyambirira, umboni wa malonda amene munalengezetsa pa wailesi kapena pa Facebook, komanso mugule botolo limodzi la chiponde chinacho n'kusunga lisiti lake. Amene analembetsa chizindikiro sasenza mtolo wonsewu, pakuti setifiketi yake imamuimira pa funso lakuti mwini wake ndi ndani, ndipo chotsala chimakhala kuonetsa kufanana kwa zizindikirozo ndi kwa katunduyo.

Musanalembere munthuyo kalata iliyonse, fufuzani kaye m'kaundula. Zimachitika kuti wobwera pambuyo ndi amene amathamangira kukalembetsa, ndipo ngati zili choncho nkhani yanu isintha nkhope: mudzafunika kutsutsa pempho lake kapena kupempha kuti lichotsedwe m'kaundula potengera kuti inu munayamba kale kugwiritsa ntchito dzinalo. Mukapeza kuti palibe amene analembetsa, perekani pempho lanu mwamsanga, chifukwa tsiku limene pempho lalandiridwa ndi limene limawerengedwa. Mudzalemba fomu, mudzapereka chithunzi cha chizindikirocho ndi mndandanda wa katundu amene chimaikidwapo, ndipo mudzalipira ndalama zimene boma linakhazikitsa. Ofesiyo idzaunika pempholo, ikakhutira idzalilengeza kuti amene ali ndi chotsutsa aonekere m'nthawi yoikidwa, ndipo pakapanda wotsutsa mudzalandira setifiketi ya zaka 10 kuchokera pa tsiku limene munapereka pempho.

Simunatiuze dzina la chiponde chanu, koma pamenepa m'pamene ambiri amagwa. Dzina longofotokoza katundu, monga lakuti chiponde chokoma kapena chiponde cha ku Kasungu, silingakhale la munthu mmodzi, popeza opanga chiponde onse a m'bomalo ali ndi ufulu wonena kuti chawo ndi chokoma ndipo ndi chochokera kumeneko. Taonani mayina amene akhalitsa m'mashopu mwathu, monga Nali kapena Sobo: palibe limene limatchula tsabola kapena chakumwa, komabe aliyense akalimva amadziwa chimene chikunenedwa. Mphamvu ya dzina ili pamenepo. Pewaninso kuika mbendera ya dziko kapena chidindo cha boma pa lebulo, pakuti zimenezi zili ndi lamulo lozitchinjiriza.

Funso: Ndili ndi malo odyera ndipo ndayambanso kuika m'mabotolo madzi a zipatso. Anzanga akuti kulembetsa chizindikiro n'kungolemba fomu, kupita kwa loya n'kutaya ndalama. Kodi loya amachitapo chiyani kwenikweni? Bambo wa ku Mzuzu

Yankho: Bambo, anzanuwo sakunama kotheratu. Munthu wokhala m'dziko muno atha kupereka yekha pempho lake, ndipo ngati dzina lake ndi lachilendo, katundu wake ndi wamtundu umodzi ndipo palibe wotsutsa, akhoza kufika kumapeto popanda vuto. Koma nkhani yanu yomweyi ikuonetsa pamene loya amafunikira.

Katundu ndi ntchito zonse zinagawidwa m'magulu 45 motsatira mgwirizano wa mayiko umene unasainidwa mu mzinda wa Nice ku France mu 1957. Magulu 1 mpaka 34 ndi a katundu, ndipo 35 mpaka 45 ndi a ntchito zothandiza anthu. Malo anu odyera ali m'gulu 43, pamene madzi a zipatso ali m'gulu 32. Mukadzayamba kugulitsa tsabola wam'botolo, uchi kapena khofi, mudzakhala mwalowa m'gulu 30, ndipo chiponde cha mayi a ku Kasungu aja chili m'gulu 29. Chitetezo chimatsatira katundu ndi ntchito zimene munalemba pa pempho, kotero munthu amene analembetsa dzina lake pa malo odyera okha angadzadabwe poona wina akuliika pa mabotolo. Pansi pa lamulo lakale lija kunalibe mwayi wolembetsa zizindikiro za ntchito, ndiye eni malo odyera, malo ogona alendo, sukulu ndi makampani a mabasi amene anakanizidwa kale adziwe kuti khomo limeneli linatseguka mu 2018.

Ntchito yoyamba ya loya wodziwa za zizindikiro ndi kufufuza m'kaundula ndi kukuuzani zoona zake musanasindikize malebulo ambirimbiri. Kufufuzako sikuthera pa dzina lolembedwa chimodzimodzi. Amayang'ananso mayina omveka mofanana, ndipo kwathu kuno zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa wogula amene akuitanitsa katundu pakamwa m'golosale sasiyanitsa dzina lolembedwa ndi L ndi lina lolembedwa ndi R. Ntchito yachiwiri ndi kulemba mndandanda wa katundu mosapereweza komanso mosachulutsa. Yachitatu, imene munthu wamba sangaikwanitse bwino yekha, ndi kuyankha ofesi ikakana pempho, kapena wina akalitsutsa, pakuti pamenepo pamafunika zikalata zolumbirira ndi mfundo za malamulo zoperekedwa m'masiku owerengeka. Loya wabwino amasunganso tsiku lodzakonzanso kalembera wanu, ndipo amakulemberani mgwirizano ndi amene anakujambulirani chizindikiro, kuti umwini wa chithunzicho ubwere kwa inu molembedwa. Mfundo yomalizayi ambiri amainyozera, koma wojambula amene munamulipira popanda pepala lililonse angathe kudzakuvutitsani malonda akadzakula.

Pa za ndalama, pemphani kuti akulembereni padera zimene zikupita kuboma ndi zimene zili malipiro ake, ndipo mufunse ngati mtengowo ndi wa gulu limodzi kapena onse amene mukufuna. Pempho likaperekedwa, mulandire lisiti la boma ndi nambala ya pempholo. Onetsetsani ndi maso anu kuti pamalo a mwini chizindikiro palembedwa dzina lanu kapena la kampani yanu, osati la loyayo, la wojambula kapena la amene amakugulitsirani katundu. Bungwe la Malawi Law Society limadziwa maloya amene ali ndi ziphaso zogwirira ntchito m'chaka chimenecho, ndipo kufunsa kumeneko si mwano. Madobadoba amene amazungulira pa maofesi a boma n'kumalonjeza setifiketi ya mawa lomwe muwapewe, chifukwa ndondomekoyi ili ndi nthawi yolengeza imene palibe angaidumphe.

Funso: Pa katundu wina ndimaona zilembo TM, pa wina ndimaona R ali m'kabwalo. Ndiike ziti pa sopo wanga? Wowerenga wa ku Limbe

Yankho: Zilembo TM zimangouza anthu kuti mukulitenga dzinalo ngati chizindikiro chanu cha malonda, ndipo mutha kuziika ngakhale musanalembetse, koma pazokha sizikupatsani ufulu uliwonse. R wa m'kabwalo amanena kuti chizindikirocho chili m'kaundula. Musamuike setifiketi isanatuluke, ngakhale pempho lanu litalandiridwa kale, pakuti kutero n'kunamiza ogula ndipo kungakuikeni m'mavuto ndi lamulo.

Funso: Ndife alimi a mpunga wa Kilombero ndipo tili mu kopaletivi. Timamva chisoni tikamaona mpunga wosakaniza ukugulitsidwa m'tauni ndi dzina la Kilombero. Kodi tingalembetse dzinali kuti likhale lathu? Mlembi wa kopaletivi ina ku Karonga

Yankho: A Mlembi, dandaulo lanu ndi lomveka, chifukwa fungo la mpunga umenewu ndi limene limakweza mtengo wake, ndipo wosakaniza amadyera pa thukuta la alimi. Komabe dzina lakuti Kilombero palokha ndi lovuta kuti likhale la kopaletivi imodzi, popeza ndi dzina limene alimi ndi ogula onse amatchulira mtundu wa mpungawo. Chimene mungachite msanga ndi kusankha dzina ndi chithunzi chanuchanu, n'kuchilembetsa m'gulu 30, kenako mawu akuti Kilombero n'kumawalemba pa thumba ngati ofotokoza zimene zili m'katimo.

Lamulo la 2018 linabweretsanso njira zimene zimayenera anthu ogwirira ntchito limodzi ngati inu. Pali chizindikiro cha gulu, chimene mwini wake ndi bungwe ndipo mamembala okha ndi amene amachigwiritsa ntchito. Pali chizindikiro chotsimikizira, chimene chimaikidwa pa katundu wa aliyense amene wakwaniritsa muyezo woikidwa. Palinso chitetezo cha dzina la dera, cha katundu amene ubwino wake umachokera ku nthaka, nyengo ndi luso la anthu a malo akutiakuti, monga momwe zilili ndi tiyi wa Darjeeling ku India kapena tsabola wa Penja ku Cameroon. Njira zonsezi zimafuna malamulo olembedwa bwino onena za mbewu yovomerezeka, malire a dera, kasungidwe, kapunthidwe, amene adzayendera mamembala ndi chilango cha wosakaniza. Apa m'pamene loya ndi alangizi a zaulimi ayenera kukhalira limodzi, ndipo chitetezo cha dzina la dera sichingatheke popanda kumvana ndi makopaletivi ena a mpunga womwewo. Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene chagawanitsa magulu ambiri: chizindikirocho chilembedwe m'dzina la kopaletivi, osati la wapampando kapena la bungwe limene likukuthandizani, ngakhale litakhala kuti ndi limene lalipira ndalama zake. Dziwaninso kuti chidindo cha Malawi Bureau of Standards chimachitira umboni za muyezo wa katundu, sichiteteza dzina lanu.

Funso: Ndimasoka zovala za chitenje ndipo chizindikiro changa ndinalembetsa kuno. Ndayamba kutumiza katundu ku Lusaka, ku Tete ndi ku Johannesburg. Kodi setifiketi yanga ikugwira ntchito kumeneko? Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Ayi, Mayi. Mphamvu ya setifiketi yanu imathera pa Mchinji, pa Dedza ndi pa Mwanza. Dziko lililonse lili ndi kaundula wake, ndipo amene wayamba kulembetsa kumeneko ndi amene amakhala ndi mawu, ngakhale atakhala munthu amene inu nomwe munamutuma kukugulitsirani katundu.

Njira yoyamba ndi yolembetsa m'dziko lililonse palokha kudzera mwa loya wa kumeneko, monga ku PACRA, ofesi yolembetsa zizindikiro ku Zambia. Yachiwiri ndi ya ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa limene likulu lake lili ku Harare. Pansi pa mgwirizano wake wa Banjul, umene unavomerezedwa mu 1993 ndipo unayamba kugwira ntchito mu 1997, pempho limodzi litha kufika m'mayiko angapo amene mwawasankha, monga Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana. Si mamembala onse a ARIPO amene analowa mu mgwirizano umenewu, choncho loya wanu atsimikize dziko ndi dziko. Yachitatu ndi ya mgwirizano wa mayiko wa Madrid, yoyendetsedwa ndi WIPO, bungwe la padziko lonse loona za zizindikiro ndi umwini wa luso ku Geneva, imene Malawi anayamba kuitsata pa 25 December 2018. Imeneyi imafika ku Zambia, ku Mozambique, ku Kenya, ku Britain ndi m'mayiko ena ambiri, ndipo pempho limadzera ku ofesi ya kuno potengera kalembera amene muli naye kale. Wochokera m'dziko ngati lathu, limene bungwe la United Nations limaliwerengera m'gulu la mayiko osaukitsitsa, amalipira gawo limodzi mwa magawo khumi la ndalama zoyambira, ngakhale kuti ndalama za mayiko amene wasankha zimakhala zapadera. Chiopsezo chake n'chakuti m'zaka zisanu zoyambirira kalembera wa kunjayo amadalira wa kuno, kotero wa kuno akagwa, enawo amagwa naye.

South Africa si membala wa ARIPO, ndipo njira imene amalonda akhala akutsata ndi yolembetsa mwachindunji ku CIPC, ofesi yolembetsa zizindikiro ku Pretoria, kudzera mwa loya wa kumeneko. Popeza ndalama sizingakwanire mayiko onse nthawi imodzi, yambani ndi kumene katundu wanu akupita wambiri, ndipo mu mgwirizano wanu ndi ogulitsa a kunjawo mulembemo momveka kuti chizindikirocho ndi chanu ndipo iwo saloledwa kuchilembetsa. Owerenga ena amene angopereka kumene pempho lawo kuno adziwe kuti mgwirizano wa mayiko wa Paris, woteteza zizindikiro za malonda ndi zina zotero, umawapatsa miyezi isanu ndi umodzi yoti akaperekenso pempho m'mayiko ena n'kuwerengeredwa tsiku la pempho loyambalo.

Funso: Malemu bambo athu analembetsa chizindikiro cha ufa kalekale, koma chigayo chinaima iwo atamwalira. Tikufuna kuyambiranso. Kodi dzinalo likadali lathu? Wowerenga wa ku Balaka

Yankho: Pepani chifukwa cha imfa ya bambo. Yambani ndi kuona tsiku la pa setifiketi. Pa lamulo lakale kalembera woyamba ankakhala zaka 7, kenako ankakonzedwanso pa zaka 14 zilizonse, ndiye n'kutheka kuti nthawi yake inatha popanda wodziwa. Ngakhale atakhala kuti akadali wamoyo, chizindikiro chimene chakhala zaka zisanu zotsatizana osagwiritsidwa ntchito chingachotsedwe m'kaundula wina akapempha. Chizindikiro ndi chuma cha masiye ngati nyumba kapena galimoto, motero amene ali ndi zikalata zoyendetsera chumacho ndi amene angapemphe kuti umwini usinthidwe m'kaundula. Mukambiranenso pabanja kuti chilembedwe m'dzina la yani musanayatsenso chigayocho.

Funso: Ndalandira kalata yochokera kwa maloya a kampani ina yaikulu yondiuza kuti ndisiye dzina la mafuta odzola amene ndimapanga, apo ayi andisumira. Andipatsa masiku ochepa. Ndili ndi mantha. Nditani? Mtsikana wa ku Zomba

Yankho: Mwachita bwino kufunsa msanga. Kalata imeneyo si chigamulo cha khoti, koma musaiponye m'kabati, chifukwa mukakhala chete kampaniyo ingathe kupita ku nthambi yoona za malonda ya khoti lalikulu kukapempha chiletso, ndipo chiletso chikaperekedwa malonda anu amaima mlandu usanafike n'komwe kumapeto. Musayankhenso mwaukali, musaike kalatayo pa Facebook, ndipo musasaine pepala lililonse limene anaphatikizapo loya wanu asanaliwerenge, pakuti mapepala otere nthawi zambiri amakhala ndi mawu ovomera kulakwa ndi olonjeza kulipira.

Popita kwa loya mutenge kalatayo, botolo lanu, botolo la kampaniyo ndi umboni wa tsiku limene munayamba kugulitsa. Iye adzafufuza ngati chizindikiro chawocho chilidi m'kaundula wa kuno, ngati kalembera wake akadali wamoyo, ngati chikukhudza gulu 3 la sopo ndi mafuta odzola, komanso ngati akhala akuchigwiritsa ntchito. Adzaonanso ngati ndi chizindikiro chotchuka kwambiri, popeza lamulo la 2018 limapereka chitetezo chapadera ku zizindikiro zotere. Kenako adzayerekeza mayina awiriwo monga momwe wogula wamba angawaonere ndi kuwamvera ali m'shopu, osati monga momwe inu mwini mumawasiyanitsira. Pamene akuchita zimenezi atha kulembera maloyawo kupempha masiku oonjezera.

Zikapezeka kuti munayamba ndinu, kapena kuti mayinawo ndi otalikirana, muli ndi poimira ndipo loya wanu ayankhe molimba. Zikapezeka kuti kampaniyo ikunena zoona, ndi bwino kumvana nayo kusiyana ndi kulimbana ndi mlandu umene ungathe ndi kulipira chipukutamisozi, ndalama za maloya awo ndi kuonongedwa kwa malebulo anu onse. Pokambirana, pemphani miyezi yoti mugulitse katundu amene ali kale m'mashopu ndi kudziwitsa makasitomala anu za dzina latsopano, ndipo zonse zimene mwagwirizana zilembedwe n'kusainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Dzina latsopanolo lifufuzidwe m'kaundula ndipo pempho lake liperekedwe musanapite nalo kwa osindikiza malebulo.